Ndinakana Kuphikira Alendo Njala

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene tinasamukira ku Lifuwu pakati pa chaka cha sukulu, inu n'kusiya anzanu ku Senga Bay. Nthawi imeneyo ndinkangoyankha kuti ndi za ntchito. Tsopano ndinapuma, ndipo manja amene ankakhalira mpeni ndi chikombe apeza mpata wogwira cholembera. Ndikufuna mumve nkhani yonse kuchokera kwa ine mwini, osati kwa anthu apanjira.

Chaka choyamba pa ntchito

Ndinalembedwa ntchito pa loji ina ku Senga Bay ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, nditangokwatiwa kumene. Ntchito yanga inali yotsuka mbale ndi kupala nsomba, ndipo m'khitchini monse mkazi ndinali ndekha. Mkulu wa ophika anali Che Saidi, bambo wachisilamu wa kwa Maganga, wamfupi, wosakonda zoyankhulayankhula. Tsiku lina anandipezerera nditagwira chikombe pa poto ya msuzi wa chambo umene wophika wina anausiya pamoto. Ndinali nditathiramo kale kamchere ndi madzi a mandimu. Ndinadziwa kuti ntchito yathera pomwepo. "Wakutuma ndani kuti uthiremo zimenezo?" anafunsa. Ndinati, "Palibe, bambo. Mchere sunakolere." Analawa. Kenako anati, "Mawa mbale atsuke wina. Iwe uime pano pafupi ndi ine."

Kwa Che Saidi ndinaphunzira zambiri, koma chachikulu chinali kuyang'ana mbale zobwerera kuchokera kwa alendo. Ankati mlendo akhoza kuyamikira chakudya chifukwa cha ulemu chabe, koma zimene wasiya m'mbale ndizo zoona zake. Tinkagwira ntchito movutikira. Magetsi ankathima pakati pa kuphika, gasi ankatha kwa milungu, ife n'kumakoleza makala kuseri kuti alendo asaone utsi. M'miyezi ya mvula, chilumba cha Mbenji chikatsekedwa kuti nsomba ziswane, nsomba zabwino zinkasowa, ndipo Che Saidi ankapalasa njinga mtunda wautali kukasaka nkhuku m'midzi. Sindikumbukira tsiku limene mlendo anachoka patebulo ndi njala.

Chaka chakhumi ndi chitatu

Chimenechi chinali chaka cha njala yoopsa ija. Anthu ochokera m'midzi yakumtunda ankabwera pa chipata chakuseri kudzapempha ngakhale mitu ya nsomba ndi makoko a mbatata. Che Saidi anapempha eni loji kuti tiziphika phala mu dilamu kamodzi patsiku, ndipo analola. Ine ndi amene ndinkagawa. Pa chipata chimenecho ndinaphunzira kuizindikira njala pa nkhope ya munthu. Wanjala amamva kuzizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Amapsa mtima pa kanthu kakang'ono, akaimirira msanga amachita chizungulire, ndipo nkhani iliyonse imene mungayambe naye imakathera pa chakudya. Njala itatha, Che Saidi anapuma pa ntchito. Potsazika anauza eni loji kuti, "Mpando wanga mupatse Esinati. Inshaala simudzadandaula." Umu ndi momwe ndinakhalira mkulu wa ophika, ndikulamula amuna asanu, ena a iwo aakulu kuposa ine.

Chaka cha makumi awiri

Kunabwera manijala watsopano, bambo Kachingwe, mnyamata wophunzira wochokera ku Lilongwe. Sindikufuna mumuganizire zoipa zokhazokha. Anapeza loji ikuvutika, makamaka m'miyezi yozizira pamene mwera umawomba ndipo alendo safuna kusambira. Miyezi imeneyo antchito ena ankauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Iye anabwera ndi nzeru yoti zipinda zizidzaza, ndipo anaitcha sabata yochepetsa thupi. Amayi onenepa a m'tauni ankabwera kudzakhala masiku asanu ndi awiri. Pofika ankakwera pa sikelo, pochoka ankakweranso, n'kujambulidwa chithunzi.

Anandipatsa pepala la zakudya zawo ndipo ndinaliwerenga kawiri, ndikuganiza kuti tsamba lina latsalira ku ofesi. M'mawa: madzi ofunda a mandimu. Masana: supu ya kabichi yopanda mafuta, yopanda mchere. Madzulo: theka la dzira lowiritsa, tizidutswa ta nkhaka, ndi tiyi wina wa m'paketi amene ankatsegula m'mimba. Ndinafunsa kuti, "Bwana, chakudya chenicheni chili pati?" Anaseka. "Mayi Banda, chakudya chenicheni ndi chimene chawafikitsa pamenepa. Ndipo inunso muyese. Alendo akaona wophika wachepa thupi, akhulupirira."

Ndikuuzeni zoona, ndinavomera mosangalala. Zaka zolawa mapoto zinali zitandinenepetsa, ndipo mawondo ankandipweteka ndikaima nthawi yaitali. Ndinamwa supu ija masiku khumi. Makilogalamu asanu anachoka, siketi inayamba kugwa m'chiuno, ndipo bambo Kachingwe ankandiitana kuti alendo andione. Ku tchalitchi ena anayamba kunong'ona kuti mwina ndikudwala, koma ine ndinkanyada. Zimene sindinauze aliyense ndi zimene zinatsatira. Nditasiya supu ija ndinayamba kudya ngati ndikuba. Ndinkadya choimirira kuseri kwa firiji, chilichonse chimene dzanja lafikira, ndipo mimba sinkamva kukhuta. Patatha miyezi itatu makilogalamu asanu aja anabwerera, n'kubwera ndi anzawo awiri. Ndinadziimba mlandu kuti ndine wosadziletsa, ndipo ndinapitiriza kuphikira alendo supu ija kwa zaka ziwiri, pakamwa panga pali tseke.

Chaka cha makumi awiri ndi chiwiri

Mwa amayi amene ankabwera munali mayi Chirwa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ku Lilongwe, munthu wansangala amene ankadziwa dzina la wantchito aliyense. Ulendo uwu unali wawo wachitatu. Ankakonda kudzaima pakhomo la khitchini. "Mayi Banda, musandithamangitse," ankatero. "Ndangobwera kudzanunkhiza. Kununkhiza sikunenepetsa." Tinkaseka, koma ine ndinkaona kuti afika onenepa kuposa ulendo woyamba, ndipo si iwo okha. Amayi ambiri amene ankabweranso ankafika atawonjezera. Ndinkaonanso zina. Pofika tsiku lachitatu, amayi olemekezeka ankavala majuzi masana, ankakangana chifukwa cha mpando, ndipo akakhala pansi pa mtengo ankangokamba za zitumbuwa ndi nyama yowotcha. Zonsezi ndinali nditaziona kale pa chipata chakuseri. Kusiyana kwake kunali kwakuti awa anabwera pa magalimoto awo.

Tsiku lachiwiri mayi Chirwa anandipempha madzi omwera mapiritsi. Nditafunsa, anati ndi a matenda a shuga. "A dokotala akudziwa kuti mukudya chonchi?" ndinafunsa. Anagwedeza mutu. "Akanandiletsa. Koma ndatopa, mayi. Ana a sukulu anandipatsa dzina, ndimalimva ndikamadutsa. Ulendo uno ndikachoka pano ndidziletsa ndithu." Ndinakauza bambo Kachingwe za mapiritsiwo. Anati aliyense anasaina pepala lovomereza zakudyazo pofika, ndipo ine ntchito yanga ndi ya m'khitchini.

M'mawa wa tsiku lachinayi, alendo akuchita masewera olimbitsa thupi pamchenga, ndinamva kukuwa. Anthu anabwera atawanyamula mayi Chirwa n'kuwakhazika pakhonde. Thukuta linali kamukamu, manja akunjenjemera, ndipo ankayankhula zosamveka ngati munthu woledzera. Mlamu wanga wina ankadwala matenda omwewo, choncho ndinadziwa kuti shuga watsika kwambiri m'thupi. Ndinathamangira m'khitchini, n'kusungunula masipuni atatu a shuga m'kapu ya madzi ofunda. Pakhomo ndinakumana ndi bambo Kachingwe. "Dikirani kaye, mayi Banda," anatero. "Ndi zoipa za m'thupi zimene zikutuluka. Mukawapatsa shuga mwawononga masiku anayi onse." Ndinati, "Bwana, ndipatseni njira." Ndinaona kuti mayi Chirwa akutha kumeza, ndipo ndinawamwetsa pang'onopang'ono. Patapita mphindi zingapo maso awo anabwerera, n'kundifunsa kuti, "Ndili kuti?" Galimoto inawatengera kuchipatala ku boma. Dalaivala atabwerako anatiuza kuti achipatala akalipa kwambiri, ndipo anena kuti tikanachedwa, nkhani ikanakhala ina.

Masana amenewo bambo Kachingwe anandiuza kuti amayi khumi otsalawo apitiriza monga mwa pepala. Ndinapempha ola limodzi n'kupita kunyumba. Bambo anu ndinawapeza akusoka ukonde pabwalo. Muyenera kudziwa momwe zinthu zinalili. Nyumba imene tinkakhala inali ya loji. Ntchito ya bambo anu yokonza maukonde ndi mabwato inali ya apo ndi apo. Inu atatu munali pa sukulu, wamkulu akukonzekera mayeso. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za kudya kwanga kobisa kumene anali asanamvepo. Anamvetsera osasiya kusoka. Pomaliza anafunsa kuti, "Ukaphikanso supuyo, wina n'kugwa osadzukanso, udzatha kulowanso m'khitchinimo?" Ndinati ayi. "Ndiye ukundifunsiranji? Akatichotsa, nyanja ndi yaitali, tikakhala pena."

Ndinabwerera n'kuuza anyamata a m'khitchini kuti zimene tichite mlandu wake ndi wanga ndekha. Tinawotcha chambo popanda mafuta, tinaphika nyemba, nkhwani wotendera pang'ono, ndi mpunga wochepa, wokwana chikhatho chimodzi pa munthu. Mbale ndinanyamula ndekha. Amayi aja ataona chakudya anayang'anana. Ndinaima kutsogolo kwawo, ngakhale kuti pa zaka zonsezo ndinali ndisanayankhulepo m'chipinda chodyera. Ndinati, "Amayi, pepani. Supu ija sindiphikanso. Ine ndinaimwa masiku khumi, ndinachepa, ndipo lero ndine wonenepa kuposa kale. Ena mwa inu ndakuonani kuno kawiri, katatu. Ikanakhala kuti imathandiza, simukanabweranso. Sindine dokotala, ndine wophika. Koma njala ndimaidziwa, ndipo imene ndakhala ndikukuphikirani ndi njala."

Musaganize kuti anandiwombera m'manja. Mayi wina anakankha mbale n'kunena kuti, "Ife tabwera kudzachepa thupi, osati kudzalalikidwa ndi wophika!" Anayi ananyamula zikwama tsiku lomwelo. Asanu ndi mmodzi anadya mwakachetechete, mmodzi akupukuta misozi. Mbale zawo zinabwerera zoyera.

Eni loji, mayi wachikulire amene ankakhala ku Lilongwe, anabwera patatha masiku awiri. Bambo Kachingwe ankafuna ndichotsedwe chifukwa chonyoza lamulo pamaso pa alendo. Mayiwo anatembenukira kwa ine. "Esinati, zaka zimene wagwira pano sizindilola kukuchotsa. Koma manijala wanga wamuchititsa manyazi, ndipo awirinu simungakhalenso malo amodzi." Anali ndi chigayo cha mpunga ku Lifuwu, pamodzi ndi kanyumba ka alendo ka zipinda zinayi. Ananditumiza kumeneko kukaphikira antchito. Ulemu wa mkulu wa ophika unathera pompo. Inu munalira m'lole imene inanyamula katundu wathu, ndipo ine ndinayang'ana kumbali kuti musaone nkhope yanga.

Zaka zinayi za ku Lifuwu

Miyezi yoyamba inali yowawa. Ndinachoka pa sitovu ya gasi n'kupita pa mafuwa, ndikuphikira amuna makumi atatu amene ankangofuna kukhuta. Wamkulu wa inu sanakhoze bwino mayeso chaka chimenecho, anachita kubwereza, ndipo mpaka lero ndimadziwa kuti kusamuka kuja kunathandizira. Pepa, mwana wanga. Koma Lifuwu inandichitira chinthu chimene sindinkayembekezera. Kuchokera kunyumba kukafika kuchigayo unali mtunda wa ola lathunthu, kudutsa m'mizere ya minda ya mpunga, ndipo ndinkayenda m'mawa ndi madzulo. Zokazinga zoti ndizilawa kunalibe. Ndinkadya katatu patsiku, nditakhala pansi, masamba ambiri ndi usipa, mtanda umodzi wa nsima m'malo mwa itatu. Sikelo ya anthu kunalibe, choncho sindinkadziyeza. Ndinangozindikira chaka chitatha kuti mawondo asiya kupweteka.

Loweruka lina galimoto inaima pachigayo, ndipo munatuluka mayi Chirwa. Anali atafunsira njira kuyambira ku Senga Bay. Anandikumbatira ndili ndi mwaye m'manja. "Ndamva kuti munavutika chifukwa cha ine," anatero. Ndinati, "Ayi, mayi. Ndinavutika chifukwa chokhala chete zaka ziwiri." Anakhala masiku atatu m'kanyumba ka alendo kaja. Ataona kuti thupi langa lachepa, anatulutsa kope kuti alembe chinsinsi changa, ndipo atamva kuti chinsinsi palibe anakhumudwa. Ndinawauza kuti apite kaye kuchipatala akagwirizane ndi adokotala za mapiritsi awo. Kenako tinaphika limodzi. Ndinawaonetsa kuti theka la mbale lizikhala masamba, ufa uzikhala wa mgaiwa, mafuta aziyeza ndi sipuni osati kungopungula m'botolo, ndipo zakumwa zotsekemera azisungira tsiku la chisangalalo. M'mawa tinkayenda m'minda mpaka iwo atapempha kupuma. "Ndiye ndichepa liti?" anafunsa tsiku lomaliza. Ndinati, "Mochedwa kwambiri moti anzanu sazindikira. Koma simukomokanso."

Ankandiimbira foni nthawi ndi nthawi. Itatha Khirisimasi ina anaimba mawu ali ofooka. "Ndalephera, mayi Banda. Ndadya sabata yonse ngati kulibe mawa. Mnzanga wandipatsa tiyi wina, akuti masiku asanu okha." Ndinawafunsa kuti mwana wa sukulu akalakwa samu imodzi amamuchotsa sukulu kodi. Anaseka. Ndinati, "Tiyiyo tayani. Mawa m'mawa mudye phala lanu, muyende ulendo wanu." Anandiuza pambuyo pake kuti zinatenga zaka zitatu kuti thupi lifike pamene adokotala anakhutira napo, ndipo mapiritsi anawachepetsera.

Ku Senga Bay sabata yochepetsa thupi inapitirira zaka zina ziwiri ndi wophika wina, kenako inafa yokha. Amayi aja anatopa ndi kuchepa m'mwezi wozizira n'kunenepanso m'mwezi wotentha. Bambo Kachingwe anapeza ntchito kwina. Chaka chachinayi eni loji anabwera okha ku Lifuwu. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti apepese. Anangoti, "Khitchini yako ikukudikira." Ndinabwerera pa mpando wanga n'kugwira zaka zina khumi kufikira popuma. Pa pepala la zakudya ndinawonjezera mbali ya alendo odwala shuga ndi othamanga magazi, ndipo anyamata onse amene anadutsa m'manja mwanga anachoka akudziwa kuphikira munthu wotere chakudya chokoma.

Chaka chimene ndinapuma

Nditangopuma, mayi Chirwa anandiitana ku Lilongwe. Mwana wawo wamkazi, Tadala, ankakwatiwa, ndipo ankafuna kuti ine ndikayang'anire ophika. Ndinawapeza tsitsi litachita imvi. Sanali wowonda, ndipo sanakhalepo wowonda. Anali mayi wathupi lake, woyenda mwachangu, amene ankakwera masitepe a holo akuyankhula osapuma wefuwefu. Pa zaka khumi ndi zinayi chichokereni pakhonde paja, thupi limene anataya silinabwererenso.

Dzulo lake la ukwati, ndikuwerengera anyamata ntchito ya mawa, kunabwera mtsikana wamtali, wathupi ngati mayi ake. Anagwada pambali panga. "Agogo, ndinu mayi Banda a ku Salima?" Ndinavomera. "Ndimafuna ndikuoneni ndi maso. Mwezi wathawu diresi langa la ukwati linandithina. Anzanga anandiuza kuti ndingomwa madzi a mandimu milungu iwiri, lindikwana. Amayi atamva anandikhazika pansi n'kundiuza nkhani yanu yonse, mpaka za lole imene inakusamutsani."

"Ndiye unatani?" ndinafunsa.

"Tinapita nalo kwa telala. Anawonjezera nsalu m'mbalimu."

M'mawa mwake ndinasiya mapoto kwa kanthawi n'kukaima pakhomo la holo. Tadala analowa akuvina, diresi litamukhala bwino, ndipo pambuyo pake pankabwera mayi ake, akuvina kuposa atsikana operekeza. Atandiona anatuluka pamzere, n'kundigwira dzanja ndili ndi epuloni yanga yomwe, ndipo anandikokera pakati pa anthu. Ndinavina, ana anga. Nyimbo zitatu zathunthu ndinavina.